Asilikali akowa adya chiyani?

## Katoni ya pakhonde

Magetsi anazima cha m'ma 5 koloko madzulo. Laputopu inali itatsala pang'ono kuthima, ndiye ndinangoitseka n'kutulutsa katoni. Ndi katoni ya sopo imene ndinapempha pagolosale ina kumsika wa pa boma pano. Ndinaiphwasula, n'kujambulapo nyanja yathu ndi cholembera cha buluu kuyambira ku Nkhotakota kuno mpaka ku Karonga, ndi tsidya lomwe. Pamwamba pake ndinadulapo timabokosi ta ngodya zisanu ndi imodzi, tolumikizana ngati zisa za njuchi. Asilikali anali zitsekerero za mabotolo, za Fanta Angerezi, za Coca-Cola Ajeremani.

Patha zaka ziwiri ndikupanga gemu ya nkhondo yosewera mosinthana, iwe usunthe ine ndisunthe, monga timachitira pa bawo. Masana ndimakonza mafoni, usiku ndimalimbana ndi Godot, pulogalamu yopangira magemu. Chimene chinandikola poyamba ndi Battle for Wesnoth, gemu yaulere ija imene David White anaiyamba mu 2003. Ndinaipeza ili kale pa laputopu imene ndinagula kwa munthu. Kenako ndinadziwa Advance Wars ya mu 2001, ndipo kuyambira pamenepo mutu wanga unangodzaza timabokosi. Lamulo lililonse latsopano ndimayamba ndaliyesa pakatoni, chifukwa kufufuta pensulo n'kosavuta kusiyana ndi kulembanso pulogalamu.

Nkhondo imene ndinasankha ndi ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu kuno ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Ndinaisankha chifukwa inadutsa panyanja yomweyi imene ndimaiona m'mawa uliwonse. Koma kunena zoona, chimene ndinali nditapanga chinali Advance Wars yovala zovala za kwathu. Ndinangochotsa akasinja n'kuikapo sitima za pamadzi ndi mfuti zachiwaya.

Tsiku limenelo msuweni wanga ankasewera mbali ya Ajeremani. Tochi ya foni tinaitsamiritsa pakapu ya pulasitiki. Kukhitchini amayi ankavundula kondowole, fungo la usipa wokazinga likubwera ndi utsi. Agogo aamuna anali pampando wawo wandalema, atangofika kuchokera pamtengo wa mango pamene amasewera bawo ndi anzawo, kathumba ka nkhomo kali pamiyendo.

## Funso la agogo

Ndinatsitsa zitsekerero zisanu tsidya la nyanja, ku Tanzania ya lero, padoko la Manda, limene Ajeremani ankalitcha Wiedhafen, n'kuyamba kukwera nazo mtunda kulowera ku tauni ya Songea. Njira imeneyi ndi yeniyeni. Asilikali a Brigadier General Edward Northey, wa mbali ya Angerezi, anaidutsa, ndipo Songea anailanda mu Seputembala 1916. Mpata uliwonse ndinkasuntha timabokosi tiwiri. Msuweni wanga ankangobwerera m'mbuyo, ine n'kumamutsatira mtima uli m'malo.

Pampata wachisanu ndi chitatu agogo anawerama.

"Tadikira kaye, iwe. Anyamata akowa achoka kunyanja liti?"

Ndinawauza kuti mpata umodzi ndi masiku awiri, ndiye papita masiku 16.

"Masiku 16. Nanga adya chiyani?"

Ndinafotokoza kuti m'gemumu chakudya sitiwerengera, timawerengera mphamvu, zipolopolo ndi mtunda. Ndinalankhula nthawi yaitali ndithu. Agogo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anamasula chingwe cha kathumba kaja n'kukhuthulira nkhomo pasimenti. Anatola imodzi n'kuiika kumbuyo kwa chitsekerero changa chomaliza. Anatolanso ina n'kuiika kumbuyo kwa inzakeyo. Zala zawo zimanjenjemera akagwira kapu ya tiyi, koma zikagwira nkhomo sizinjenjemera. Anandandalika mzere kuchokera pamene panali asilikali anga, kutsika mapiri amene ndinajambula ndi pensulo, mpaka pamzere wa buluu wa nyanja. Atafika kunyanja anayambanso mzere wina wobwerera, pambali pa woyambawo. Nkhomo 64 zonse zinathera pakatonipo, mzere wachiwiri usanafike n'komwe.

"Awa ndiwo wawaiwala," anatero. "Bambo anga ali penapake apa."

Msuweni wanga anaika pansi chitsekerero chimene anagwira. Ine ndinkadziwa kuti abambo awo a agogo anapita kunkhondo, ndipo m'mutu mwanga ndinkawaona atanyamula mfuti, atavala chipewa cha King's African Rifles. Sindinafunsepo. Usiku umenewo agogo anatiuza kuti bambo awowo mfuti sanaigwirepo. Anali mtengatenga.

Anali mnyamata wosakwatira pamene amesenjala a boma anafika kwa nyakwawa kudzafuna amuna. Amuna atamva mphekesera anathawira m'mabango a ku Chia, ena kutchire. Amesenjala sanavutike n'kuwasaka. Anagwira amayi n'kuwakhazika pabwalo, n'kunena kuti atuluka pokhapokha amuna awo ndi ana awo atabwera. Mnyamata uja anatuluka m'bango chifukwa cha amayi ake. M'mudzimo munachoka amuna 11. Anawakweza sitima, kuwawolotsa nyanja, ndipo tsidya lija aliyense anamusenzetsa thumba.

Lake linali la mpunga. Ankayenda nalo pamutu tsiku lonse, mvula ikugwa, fungo la mpunga wonyowa likumulowa m'mphuno, m'mimba muli gwa ndi njala, koma kuboola thumbalo kunali kuitana chikoti cha kapitawo. Akatula pamsasa wina ankabwerera kukasenza lina. Agogo anagwira pakati pa mutu wawo n'kunena kuti bambo awo anali ndi kadazi kozungulira pamenepa, pamene pankakhala nkhata, ndipo tsitsi silinamerenso mpaka imfa yawo. Mwa amuna 11 aja anabwerako asanu ndi mmodzi. Atangofika, chimfine choopsa cha kumapeto kwa 1918 chinalowa m'mudzi n'kutenganso anthu ena amene nkhondo sanaione n'komwe.

"Ndipo mpunga sanadyenso," anatero agogo. "Kuno kwathu kwa mpunga wa faya, pa ukwati, pa Khirisimasi, iwo ankapempha nsima."

Amayi anatiitana kuti chakudya chapsa. Palibe anadzuka msanga.

## Masamu a thumba

Masabata otsatira ndinawerenga chilichonse chimene bandulo yanga inakwanitsa. Amuna a ku Nyasaland amene anatengedwa kukasenza katundu pankhondo imeneyi anali pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Asilikali onyamula mfuti sanafike 20,000. Ndiye kuti kumbuyo kwa msilikali mmodzi kunali amtengatenga ngati khumi. Gemu yanga inali ndi mmodziyo basi.

Chifukwa chake sanagwiritse ntchito ziweto ife a kuno sitivutika kuchimvetsa, pakuti akashembe tili nawo pafupi m'nkhalango ya Nkhotakota. Ng'ombe, abulu ndi mahatchi ankafa m'njira. Magalimoto anali ochepa, misewu ikagwa mvula n'kusanduka phala. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Lamulo loyamba limene ndinalemba pambuyo pake ndi ili. Mtengatenga mmodzi amasenza makilogalamu 23, kulemera kumene kunali kofala nthawi imeneyo. M'gemumu ndinaika kuti amadya kilogalamu imodzi patsiku, ndipo chakudyacho chimachokera m'katundu yemweyo amene gulu lake lasenza. Akayenda masiku asanu kupita ndi asanu kubwerera, wadya 10, msilikali walandira 13. Akayenda masiku khumi kupita ndi khumi kubwerera, wadya 20, kwafika 3. Ukawonjezera masiku awiri okha kupita ndi awiri kubwerera, palibe chimene chafika, anthu angoyenda ulendo wodzidyetsa okha. Nditalemba manambalawa pakope ndinakhala ndikuwayang'ana nthawi yaitali, chifukwa gemu yonse inali momwemo. Mdani wako woyamba ndi mtunda umene wayenda wekha.

Titayesa pakatoni, msuweni wanga anaona msanga chimene ine ndinachedwa kuona. Anasiya kumenyana nane maso ndi maso. Anatumiza chitsekerero chimodzi kuzungulira kuseri kwa phiri, n'kukakhala pakati pa mzere wanga wa nkhomo. Patapita mipata itatu asilikali anga asanu anayamba kufooka, pampata wachisanu anamwazikana, iye osaombako chipolopolo ngakhale chimodzi. Anasangalala kwambiri, inenso ndinasangalala, chifukwa kwa nthawi yoyamba gemuyo inachita chinthu chimene sindinachikonzere.

Sikuti ndine woyamba kuganiza za chakudya cha asilikali. Mu Advance Wars mafuta ndi zipolopolo zimatha, ndipo pali kagalimoto kowonjezera. Unity of Command ya mu 2011 yonse yagona pa njira za katundu, ndipo ndimailemekeza. Koma m'magemu amenewa katundu amayenda yekha ngati madzi m'paipi, umangoona mtundu pamapu wosonyeza pamene akufika. Chimene ine ndikufuna n'chakuti wosewera adziwe kuti nkhomo iliyonse yachokera m'mudzi wakutiwakuti.

Ndiye mudzi uliwonse pamapu uli ndi zinthu zitatu: anthu, nkhokwe ndi mtima. Ukafuna amtengatenga uli ndi njira ziwiri. Ukhoza kupita kwa amfumu, kulonjeza malipiro ndi tsiku lobwerera. Apatsa ochepa, ndipo tsiku lija likadutsa osabwerera, mtima wa mudzi umatsika. Kapena ukhoza kutumiza amesenjala n'kutenga ambiri lero lomwe. Gemu sikuletsa. Koma ukawatenga mu Novembala, minda ya mudziwo sigaulidwa, mu Epulo nkhokwe imakhala pululu, ndipo ulendo wotsatira amesenjala ako amapeza nyumba zokhazokha, anthu ali m'bango. Njala ya mudzi umene unaulanda amuna imakupeza wekha patapita mipata makumi angapo, pamene waiwala kale chimene unachita. Wosewera wanzeru amayamba kusamala midzi chifukwa cha phindu lake. Ndaona anthu atatu akusewera, ndipo awiri mwa iwo pofika pakati anali akutchula midziyo maina, mmodzi mpaka kukana kutenganso amuna m'mudzi umene anautenga kale kawiri, ngakhale masamu ankamulola.

## Nkhomo sizifa

Chachiwiri anandipatsanso ndi agogo, ngakhale iwo sankadziwa kuti akundipatsa kanthu. Loweruka lina ndinakhala nawo pamtengo wa mango kuonerera bawo, ndipo mnzawo wina atawadyera nkhomo zambiri, ine ndinati agogo zatha. Iwo anangoti, "Zapita kuti? Si izo zili apozi? Zibwera."

Ndasewera bawo kuyambira ndili mwana koma izi sindinaziganizirepo. Pa mabowo 32 aja, nkhomo 64 zimakhalapo mpaka mapeto. Ukadya za mnzako suzitaya kunja kwa bolodi, umazifesa kumbali yako n'kuyamba kukugwirira ntchito, ndipo iye akhoza kuzidyanso. Magemu a nkhondo amene ndinakulira amachita zosiyana. Gulu likagonja limaphulika n'kuzimiririka pasikirini, bwalo n'kuyera.

Nkhondo ya Chiwaya inali pafupi ndi bawo. Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany, zake zitatha anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa ku Mozambique n'kugonjetsa Apwitikizi ku Negomano pa 25 Novembala 1917, ndipo mfuti, zipolopolo ndi katundu amene analanda kumeneko ndi zimene anapitirizira nazo nkhondo. M'gemu yanga tsopano gulu likagonja, ochepa amafa, ena amavulala ndipo ovulalawo amafuna anthu owanyamula pamachira, ena amathawira kwawo, ndipo amtengatenga ndi matumba awo amapita kwa wopambana. Koma wopambanayo walandiranso pakamwa pambiri pofuna kudya. Kangapo konse msuweni wanga wapambana nkhondo yaikulu n'kugwa ndi njala mipata isanu pambuyo pake.

Bawo linandithandizanso pa nkhani ya madayisi. Mu Wesnoth ukamenya, kompyuta imakuuza mwayi wako, mwina 70 pa 100, ndipo ukhoza kuphonya kanayi motsatizana. Anthu ena amazikonda, amati nkhondo ndi choncho. Ine zimandichotsa chidwi, chifukwa ndikagonja ndimaloza chala kompyuta m'malo modzifunsa. Pa bawo palibe dayisi. Katswiri amakhala chete akuwerenga ndi maso mmene dzanja lake liyendere, bowo ndi bowo, osakhudza kanthu, ndipo akalakwitsa walakwitsa yekha. Into the Breach, gemu ya mu 2018 ya bwalo la timabokosi 8 m'litali 8 m'lifupi, inatsata mzimu womwewo. Adani amakuonetseratu pamene amenye, ntchito yako n'kupeza yankho. Ndiye ndinachotsa dayisi pomenyana. Amene wadya, wapuma, ndipo ali pamalo abwino, amapambana, ndipo ukhoza kuwerengeratu. Mwayi ndinausiya kumwamba, kwa mphepo ndi mvula.

## Mwera ndi nkhungu

Munthu wa ku Lilongwe akaona nyanja pamapu amaona malo athyathyathya a buluu. Ndimo mmene imakhalira m'magemu ambiri, msewu wopanda fumbi. Ife tikudziwa kuti mu Juni, Julayi ndi Ogasiti mwera ukauka, asodzi a chilimila amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde. Bishopu Chauncy Maples anamira panyanja yomweyi mu 1895, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints pa boma pano. Sitima imene inatchedwa dzina lake inali m'gulu la zonyamula asilikali pankhondo ija. Sitima ya MV Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145.

M'gemumu mphepo ili ndi maina ake enieni: mwera, mpoto, vuma, zambwe. Kumayambiriro kwa mpata uliwonse umaona zizindikiro za nyengo ya mpata wotsatira, monga mmene msodzi amayang'anira mitambo ya tsidya. Mwera ukamawomba, sitima yopita kumpoto imafulumira, yobwerera kumwera imachedwa, mabwato ang'onoang'ono satuluka konse. Ukhoza kukakamiza. Apa ndi pokhapo pamene kompyuta imaponya dayisi, ndipo ikakugwera imatenga sitima ndi onse amene alimo.

Mitsinje nayonso ili ndi nyengo. Aliyense amene anali kuno kumayambiriro kwa 2024, madzi a Dwangwa atasefukira n'kudula msewu wa M5, akudziwa kuti mtsinje umene unawoloka ndi miyendo mu Okutobala umakhala khoma mu Febuluwale. Pamapu anga kabokosi ka mtsinje kamasintha ndi mwezi. Amene sanawolotse matumba mvula isanayambe adikire.

Koma lamulo limene ndimalikonda kuposa onse ndi la uthenga. Pa 13 Ogasiti 1914, Captain Rhoades wa sitima ya Guendolen anafika ku Sphinxhafen, doko la tsidya limene lero ndi Liuli, n'kuombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Captain Berndt, amene anali mnzake, anapalasa bwato kudzafunsa chimene chachitika, chifukwa sankadziwa kuti nkhondo yayamba. Zaka zinayi pambuyo pake, ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 Novembala 1918, koma Lettow-Vorbeck anali akuyendabe ndi asilikali ake m'dziko limene lero ndi Zambia mpaka uthenga unamupeza, ndipo anakagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala.

Magemu ambiri amabisa mdani ndi nkhungu, koma asilikali ako amakumvera nthawi yomweyo ngakhale ali kutali bwanji. Kale, mu Kriegsspiel, gemu ya nkhondo ya pamapu imene Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a nkhondo a ku Prussia mu 1824, osewera ankalemba malamulo papepala n'kupereka kwa woweruza, ndipo woweruzayo ndiye ankadziwa ngati uthenga wafika. Ine woweruza wanga ndi foni. Ukalamula gulu limene lili timabokosi 12 kuchokera pamene uli, mthenga amathamanga mipata itatu, ndipo akhoza kugwidwa m'njira. Chimene ukuona pamapu cha gulu limenelo ndi nkhani ya masiku asanu ndi limodzi apitawo. Chizindikiro chake chimazilala pang'onopang'ono mpaka mthenga wina atafika.

Ndinawonjezeranso kanthu kamodzi kongondisangalatsa ine mwini. Nkhungu zathu zija, tizilombo timene timatuluka panyanja ngati mzati wa utsi, nthawi zina zimaonekera patali pamapu. Mlonda wako wa padoko amatumiza uthenga kuti waona utsi. Mwina ndi sitima ya adani, mwina ndi nkhungu chabe.

## Mkangano ndi msuweni

Msuweni wanga anandiuza mosabisa kuti gemu yayamba kulemera. Anati anthu akaweruka kuntchito amafuna kuphulitsa zinthu, safuna kuwerengera matumba ndi kumva za njala ya agogo a anthu. Anafunsanso funso lovuta: wosewerayo ndi ndani? Northey? Ndiye kuti mwana wa ku Nkhotakota akhale pafoni n'kumasewera ngati mzungu wotumiza amesenjala m'mudzi wa makolo ake?

Mbali yoyamba ndinamutsutsa, ndipo ndikumutsutsabe. Iye mwini ankabwera madzulo alionse osaitanidwa kudzadula mzere wanga wa nkhomo. Masamu a thumba ndiwo amapangitsa kuti ukhale chete mphindi zisanu ukuganiza, ngati akuluakulu a pamtengo wa mango.

Mbali yachiwiri inandisowetsa tulo. Ndinayesa kuti wosewera akhale kapitawo wa amtengatenga, koma pamenepo gemu inasiya kukhala ya nkhondo. Ndinayesa kuti akhale nyakwawa woteteza mudzi wake kwa magulu onse awiri, ndipo mutu umodzi wa gemuyi udzakhala wotero, chifukwa unakoma kuposa mmene ndinkayembekezera. Koma m'mitu yambiri wosewera ndi wolamula asilikali, ndipo ndaganiza kuti zikhale choncho, bola chiwerengero cha pamapeto chisinthe. Ukalanda Songea sikirini sikuombera m'manja. Imakutengera tsidya lino, mudzi ndi mudzi, n'kukuonetsa amene anachoka ndi amene abwerera, ndi nkhokwe mmene zilili. Mapointi ako amachokera pa zonse ziwiri, malo amene walanda ndi anthu amene wabweza. Ukhoza kulanda mapu onse n'kupeza ochepa kuposa mnzako amene analanda theka.

Chinanso chimene chinkandivuta ndinakawafunsa agogo eni ake, ngati sikulakwa kusandutsa masewera zimene bambo awo anaona. Anayankha ndi mganda. Anati amuna amene anabwerako kunkhondo, ndi ana awo, anatenga perete wa asilikali, mizere, mayunifolomu, wezulo, n'kupanga gule, malipenga n'kuwasandutsa zikho. Bambo awo, amene mpunga sankaufuna n'kuuona komwe, mganda ankaonerera mpaka dzuwa kulowa. "Iwe panga," anatero, "koma anthuwo aoneke."

Zotsalazo ndi za ntchito ya manja. Gemuyi iyenera kuyenda pafoni yotchipa, ya sikirini yosweka, ngati zimene zimadzaza patebulo langa masana, ndipo isafune bandulo. Anthu awiri azitha kupatsirana foni imodzi. Amene ali kutali, mpata wake uzisanduka kamzere kafupi ka malemba kotumiza pa WhatsApp, wina ali ku Dwangwa wina ali ku Johannesburg, ayankhe mawa ngati akufuna. Mawu onse a pasikirini ndikuwalemba m'Chichewa kuyambira pachiyambi, chifukwa mwera ndi nkhata ndi nyakwawa ndikazilemba m'Chingerezi kaye zimabwerako zitauma.

## Agogo asewera

Mwezi watha agogo anavomera kusewera, pakatoni, popeza foni amati zilembo zake ndi nyerere. Ndinawapatsa mbali ya Angerezi. Kwa mipata isanu ndi umodzi sanasunthe msilikali ndi mmodzi yemwe. Anadikira kuti midzi ikolole, anadikira mwera uleke, kenako anayamba kumanga timisasa ta chakudya motalikirana masiku atatu atatu, kuti pasakhale munthu wosenza kupitirira pamenepo asanatule n'kubwerera. Ine ndinali nditawazungulira kale kuti ndidule mzere, koma paliponse ndinkapeza kamsasa kokhala ndi chakudya chokwanira kudikira mpaka andithamangitse. Songea anailanda mochedwa kuposa aliyense amene ndasewera naye. Titawerenga pamapeto, nkhomo zitatu zokha ndi zimene sizinabwerere tsidya lino.

Anazitola zitatuzo n'kuzigwira m'manja. Kenako anafunsa kuti, zitatuzi zitagwa m'njira, matumba awo anapita kuti. Ndinati lamulo langa limati katunduyo watayika. Anapukusa mutu. Bambo awo anawauza kuti munthu akagwa, kapitawo ankamasula thumba lake n'kugawira otsalawo, aliyense kuwonjezera pang'ono pamutu, ulendo n'kupitirira, ndipo tsiku lotsatira wina ankagwa chifukwa cha kuwonjezerako.

Ndinalemba m'kope momwemo, tochi ili pakamwa. Lamulo limeneli ndikulilowetsa mu Godot sabata ino, ndipo likundivuta chifukwa likufuna kuti gulu lililonse lizikumbukira kulemera kwa munthu aliyense payekha. Nkhomo agogo anandibwereka mpaka Lachisanu usiku. Loweruka m'mawa ndimaziwerenga zonse 64 pamaso pawo, n'kumanga kathumba, iwo n'kunyamuka kupita pamtengo wa mango.